Makwerero Osalira Bwino

Malume anga agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pafakitale yopanga makwerero achitsulo, ndipo dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Onse amangoti a Khutu. Makwerero akachoka kwa owotcherera, iwo ankatenga kahamala n'kumenya polumikiza paliponse, mutu atapendeketsa. Chitsulo chikati ngwee, chadutsa. Chikalira ngati chidebe chobooka, chibwerere, wowotchererayo atukwane mpaka atope.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Mbale, kapu, chitseko, zonse ankagogoda. Akazi awo ankati, "Ine ndinapulumuka. Akanandigogoda tsiku loyamba lija, akanandibweza kwathu."

Chaka chatha fakitale inafuna satifiketi yosonyeza kuti katundu wake ndi wodalirika. Anapenta makoma, kujambula mizere yachikasu pansi, kugula mafayilo odzaza kabati. Oyendera anabwera awiri, n'kukhala masiku atatu mu ofesi akuwerenga mapepala ndi kumwa tiyi. Palibe amene anaponda makwerero, ngakhale sitepe imodzi. Satifiketi inabwera, inapachikidwa pakhomo.

Kahamala kaja mabwana anawalanda malume, akuti m'buku la ndondomeko mulibe. Anawapatsa tepi yoyezera, fomu, ndi zomata zagolide zoti azimata pa makwerero aliwonse odutsa.

Kenako fakitale inasintha ndodo zowotcherera, n'kuyamba kugula zotchipa. Dzanja la malume silinapirire. Anagogoda mobisa ndi kiyi wa kunyumba, chitsulo n'kulira ngati chidebe chobooka.

"Bwana, awa sakulira bwino," anauza kapitawo.

"Madala, pafomupo pali bokosi la kulira?"

"Palibe, bwana."

"Utali uli bwino? Penti?"

"Zili bwino."

"Ndiye chongani, mumate. Ngati dzanja latopa, panja pali anthu ambiri ofuna ntchito."

Malume anamata makwerero mazana atatu. Nditamva ndinapsa mtima, koma pakhomo pawo pali ana anayi apasukulu. Ine wolalatane ndikanatani?

Loweruka lina mkamwini wawo, wopenta nyumba, anafika atasenza makwerero atsopano, mano onse panja.

"Bambo, ndagula anu enieni! Nditangoona chomata ndinati apa padutsa khutu la bambo, palibenso chofunsa."

"Tulani pansi," anatero malume. "Musakwerepo. Ndakupemphani."

Makwererowo anawakokera kuchipinda n'kuwakankhira pansi pa bedi, miyendo yake n'kutsala panja. Amenewo ndi amodzi. Enawo anapita m'masitolo a zitsulo, ndipo kumene ali tsopano sakudziwa.

Masiku ano kuyenda ndi malume kutauni ndi chintchito. Maso amakhala m'mwamba, galimoto kuwaimbira hutala. Akaona munthu ali pamakwerero, kaya akukhoma malata kaya akumanga nthambo, amandisiya pamsewu n'kuwoloka mothamanga. Sapereka moni, safotokoza. Amangogwira makwererowo ndi manja awiri, mpaka munthu wosamudziwayo atsike.