Zitseko ziwiri zinapundula apongozi anga

Ndikulemba izi ndili ndi manyazi, koma ndaona kuti kuzibisa sikungathandize munthu. Apongozi anga lero akuyendera ndodo, ndipo amene ndinawafikitsa pamenepo ndine. Sindinawagunde ndi galimoto ayi, ndipo chikwatirire mwana wawo sindinawakwezerepo mawu. Ndinangogula galimoto imene mtima wanga unkafuna, kenaka n'kutseka maso kuti ndisaone zimene ikuchita pakhomo panga. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene mtima umakudumphani mukamva injini ikulira, ndimvereni bwino.

Ndimakhala m'tauni ya Oshawa ku Canada ndi mkazi wanga. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tadala, anali atapita kukoleji ku Ottawa pamene izi zinkayamba. Ine ndimalowa ntchito masana n'kuweruka madzulo, pomwe mkazi wanga amasamalira okalamba ndipo amanyamuka m'mamawa pa basi, poti chiwongolero anachikana kalekale. Galimoto ya pakhomo inali imodzi, chigalimoto cha ku America cha zitseko zinayi chimene ndinagula chogwiritsidwa kale ntchito. Chinali chachitali, chamipando yofewa ngati masofa, ndipo chinkayenda mwaulemu osasokosa. Sichinatigonekepo panjira ngakhale kamodzi.

Vuto linayamba pamene mnzanga wina wa ku Zambia, a Zulu, ananditengera ku gulu la anthu okonda magalimoto. Ankakumana Loweruka lililonse m'mawa pabwalo loimikapo magalimoto kuseri kwa sitolo ina. Aliyense ankafika ndi khofi m'manja, n'kutsegula boneti kuti anzake aone injini, ndipo mkangano unkayambira pomwepo. Ena ankati munthu woyendetsa galimoto yosintha yokha magiya si dalaivala, wangokwera basi. Ena ankadandaula za anthu amene amakakamira mzere wa kumanzere pa msewu waukulu wa 401 akuyenda ngati ali pa ukwati. Koma mkangano wosatha unali wa zitseko. Ambiri ankanena kuti galimoto ya zitseko zinayi ndi ya apolisi, ya matakisi ndi ya agogo, ndipo mwamuna wodziwa kukoma kwa msewu amayendetsa ya zitseko ziwiri, yaifupi msinkhu, yokankhira ndi matayala akumbuyo.

Ndisaname, ndinkasangalala nawo anthu amenewa. Kuno munthu umatha mwezi wathunthu ukungodziwa ntchito ndi nyumba, ndiye kupeza anzako oseka nawo si chinthu chaching'ono. Chinkandiwawa n'chakuti galimoto yanga ndinkaimika kutali, kumapeto kwa bwalo, ngati ndabwera ndi mlendo wosasamba. Tsiku lina a Zulu anaizungulira, n'kuimenya padenga, n'kunena kuti, “Mudala, iyi motoka ni ya ma retiree. Mwana anayenda ku college, manje back seat musungila ndani?” Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Pagululo panali mzungu wina wachikulire dzina lake Gord, amene anagwira ntchito moyo wake wonse m'fakitale ya magalimoto ya m'tauni mwathumu. Iyeyu anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndisamvere zonena anthu. Anati magalimoto ngati yangayo anawamangapo ambiri ndi manja ake, ndipo anawapangira kunyamula anthu, ntchito imene amaigwira bwino kuposa zonse zimene zinali pabwalopo. Ndinamuthokoza, koma mumtima ndinangoti n'zonena za nkhalamba.

Mwezi wa Julayi ndinaisinthitsa. Ndinafika pakhomo ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, injini yake yogwedeza mawindo a nyumba. Mkazi wanga anatuluka, anaiyang'ana, anasuzumira kumbuyo, kenaka anandifunsa mofatsa kuti, “Bambo a Tadala, mwaiwala kuti amayi akubwera September? Azikakhala pati mmenemu?” Ndinayankha kuti mipando yakumbuyo ilipo, ungopinda wakutsogolowu munthu n'kulowa. Sanatsutsane nane. Anangolowa m'nyumba, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana.

Apongozi anga ndi mayi wa ku Mitundu, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo mawondo ankawavuta kale. Ndi anthu akale amene ulemu wa pakati pa mkamwini ndi mpongozi amausunga kwathunthu. Zaka zonsezi sitinadyerepo pamodzi, sitinakhalepo pampando umodzi. Tikamapatsana moni ankayang'ana kumbali, ndipo nkhani yaitali inkadzera mwa mwana wawo. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, inenso ndinakulira m'mwambo womwewo. Sindinganene kuti Canada anandiiwalitsa.

Tsiku lokawachingamira kubwalo la ndege silidzandichoka m'mutu. Titafika pa galimoto, mkazi wanga anati iye akhala kumbuyo kuti amayi akhale kutsogolo. Iwo anapukusa mutu. Kukhala phewa ndi phewa ndi mkamwini ulendo wonse wa ku Oshawa, zimenezo sizikanatheka. Ndiye ndinapinda mpando, iwo n'kuyamba kulowa. Anawerama, anakwinya chitenje, analowetsa mwendo umodzi, winawo n'kukana. Mkazi wanga ankawakankha chakumbuyo, ine nditaima poteropo ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga ndege. Potuluka ndiye zinafika poipa. Mkazi wanga yekha analephera kuwadzutsa, mpaka ine ndinawagwira manja onse awiri n'kuwakoka. Atatuluka anakonza chitenje, anati zikomo akuyang'ana pansi, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso galimoto yanga. Sananene kuti sakufuna. Lamlungu tikamapita kutchalitchi ku Scarborough, kumene Amalawi ndi a ku Zambia timakumana, ankati mutu ukuwawawa. Tikati tikawaonetse m'tauni, ankati atopa, tipite tokha. Mayi amene kwawo sankaphonya mapemphero a amayi a Lachinayi anakhala miyezi itatu akupemphera okha kuchipinda. Inu owerenga, apa ndi pamene pali tchimo langa lenileni. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Nthawi iliyonse akanena za mutu, ndinkadziwa kuti si mutu, koma ndinkayankha kuti pepani amayi, mupume, kenaka n'kukaliza injini. Ndinkadziuza kuti poti sanadandaule ndiye kuti palibe vuto, chonsecho ndinkadziwa kuti mpongozi sangadandaule kwa mkamwini ngakhale zitavuta bwanji.

Mkazi wanga anayesa kawiri kundiuza kuti tipeze galimoto ina. Kachiwiriko ndinapsa mtima, ndinati zaka zonsezi ndakhala ndikugwirira ntchito anthu ena, kodi chinthu chimodzi chokha cha ine mwini chalakwika? Kuyambira pamenepo sanaibweretsenso nkhaniyo.

Kuzizira kutayamba, gulu la Loweruka lija linasiya kukumana. Nditafunsa, a Zulu anandiuza kuti magalimoto amenewa sayenda nyengo ya chipale chofewa, amawatsekera m'galaja kuopa mchere umene amathira m'misewu kuti chipalecho chisungunuke, poti umadyetsa dzimbiri. Ndinadabwa kuti nanga iwo amayendera chiyani. Apa m'pamene ndinazindikira kuti aliyense wa anthu aja anali ndi galimoto ina kunyumba, yonyamulira banja ndi katundu. Ya zitseko ziwiri inali yosewerera basi. Wopusa ndinali ndekha, amene ndinataya galimoto ya banja n'kutsala ndi choseweretsa. M'malo mophunzirapo kanthu, ndinayamba kuisamala monyanya. Ndinkaitulutsa popita kuntchito pokha, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaitsuka kunsi kuchotsa mchere.

Chakumayambiriro kwa chaka mawondo a apongozi anafika povuta, ndipo adokotala anati azipita kawiri pa sabata kukawongoledwa miyendo pa kachipatala kena m'tauni momwemo. Nthawi yake inali ya m'mawa, mkazi wanga ali kuntchito, ine ndili pakhomo. Wowaperekeza ndinayenera kukhala ine. Koma iwo anauza mwana wawo kuti akufuna aziyenda pa basi kuti aziona tauni, ndipo mkazi wanga anawalembera nambala ya basi, dzina la siteji ndi nambala yanga ya foni papepala. Nditamva, mtima unakhala pansi. Ndikanatha kuwaitanira takisi, ndikanatha kubwereka galimoto kwa mnzanga. Sindinachite chilichonse, poti kutero kukanakhala kuvomera kuti ndinalakwitsa.

Tsiku la ngoziyo kunagwa mvula ija imene imati ikafika pansi n'kuuma, msewu wonse n'kusanduka galasi. Ndinali m'galaja, chitseko chili chotsegula, ndikupukuta matayala. Ndinawaona akutuluka atavala chijasi cha mwana wawo, akuponda pang'onopang'ono atagwira mpanda. Anandipatsa moni chapatali, ine n'kuyankha. Mawu akuti amayi dikirani, lero kunja kwaipa, anafika pakamwa. Koma ndinaganiza za mchere, ndinaganizanso za kuwakoka manja kuja, ndipo ndinawameza mawuwo n'kupitiriza kupukuta.

Sipanathe theka la ola foni inalira. Anali mayi wina wachilendo amene anapeza nambala yanga papepala lija. Apongozi anali ataterereka pafupi ndi siteji ya basi, ndipo ankalephera kudzuka. Ndinathamanga wapansi, ndinawapeza atagona pa madzi oundana, mayi uja atawafunditsa jasi lake. Atandiona anayesa kukoka chitenje kuti aphimbe miyendo. Ngakhale pa ululu woterowo, chimene ankaganiza chinali ulemu wa kwa ine. Ambulansi inawatenga, ndipo kuchipatala anatiuza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, pakufunika opaleshoni.

Atatsitsimuka ndinalowa kukawaona. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti, “Bambo, mutikhululukire, takusokonezerani ntchito. Ndi ukalambawu, sitinaponde bwino.” Ndikanakonda akanandikalipira, mwina ndikanapeza poyambira kupepesa. Panja pa chipindacho mkazi wanga anandifunsa funso limodzi lokha, kuti pamene amayi ankatuluka ine ndinali kuti. Ndinamuuza zoona. Sanalire, sanakuwe. Anangoti, “Ndiye munawaona,” n'kubwerera mkati. Panatha miyezi asanayambe kundilankhula ngati mwamuna wake, ndipo mpaka lero pali kena kake pakati pathu kamene sikanabwerere m'malo.

Tsiku lotuluka m'chipatala galimoto yanga inalibe ntchito, munthu wa opaleshoni ya chiuno sakanalowamo ngakhale kutsogolo. Ndinaimbira a Zulu, ndipo anabwera ndi chigalimoto chawo cha banja cha zitseko zotsetsereka, chimene pabwalo paja sindinachionepo. Anawakweza apongozi mosamala kwambiri, akuwatchula kuti amama. Sindiwaimba mlandu a Zulu. Iwo ankangocheza monga amachezera amuna pa magalimoto, ndipo sankadziwa za pakhomo panga. Wodziwa ndinali ine.

Galimoto yofiira ija ndinaigulitsa chipale chisanasungunuke, n'kugula ina ya zitseko zinayi. Apongozi anaikwera kangapo popita kukaonedwa ndi adokotala, atakhala kumbuyo mwaufulu, mwana wawo ali pambali. Ulendo womaliza unali wa kubwalo la ndege. Anabwera kuno akuyenda okha, anabwerera akukankhidwa pa njinga ya odwala. Kumudzi tsopano salimanso dimba lawo, ndipo kutchalitchi amapita pokhapokha wina akawanyamula.

Inu owerenga, sindikunena kuti kukonda magalimoto n'kulakwa. Mpaka pano ikandidutsa ya zitseko ziwiri ndimatembenuka. Koma anzanu a pabwalo akamakuuzani galimoto yoyenera mwamuna, muziwafunsa chimene chili m'galaja kunyumba kwawo. Musanagule, muziwerenga anthu amene adzafunike kukweramo, kuyambira ndi amene mawondo awo ndi ofooka. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli munthu wamkulu amene mwambo sumulola kukudandaulirani, musatenge kukhala chete kwake ngati chilolezo. Akayamba kudwala mutu Lamlungu lililonse, dzifunseni nokha chimene mwachita, chifukwa iye sadzakuuzani.

Mwezi wathawu mlamu wanga anaimba foni kuchokera ku Mitundu. Titatha kulonjerana anati anthu kumudzi akufuna chithunzi cha galimoto yanga yofiira. Ndinafunsa kuti aidziwira kuti. Anati amayi amauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti mkamwini wawo ku Canada ali ndi galimoto yokongola imene sanaionepo chibadwire, ndiponso kuti anawasunga bwino kwambiri. Ndinamuuza kuti foni ikudukaduka, n'kuitseka.