Chaka chimene ndinadyetsa njuchi shuga

Ndikadali nako kakope ka chikuto chobiriwira kamene ndinkalembamo ndili fomu wani. Masamba ake ena ndi omatana ndi madzi a shuga. Tsamba loyamba likuti: "Loweruka, Julaye. Ndadzuka ndi chimfine koma mtima uli mbee. Lero ndikuyamba ntchito yodyetsa njuchi."

Tinkakhala ku Karen, mumzinda wa Nairobi, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa sukulu ya zaubusa kumene bambo ankayendetsa galimoto. Mng'oma wa njuchiwo anatisiyira ndi mkulu wina wosamalira maluwa atapuma ntchito. Unali umodzi wokha, bokosi loyera pansi pa mtengo wa jakaranda, miyendo yake ili m'zitini za oyilo wakuda kuti nyerere zisakwere. Bambo anali asanawetepo njuchi chibadwire. Nzeru zawo zonse zinali zimene mkuluyo anawauza masana amodzi, m'Chiswahili chimene ankangomva mwapatalipatali.

Mayi anali atapita ku Ntcheu mu Juni, mlongo wanga wakhanda ali kumbuyo. Anati akukapuma pang'ono kwawo. Pokwera basi anandikonza kolala ya juzi n'kunena kuti, "Kukayamba kufunda ndibwera. Undisungire uchi woyamba." Mawuwo ndinawatenga ngati pangano. Njuchi zikapulumuka chisanu, uchi upezeka, mayi abwera.

Chisanu cha ku Nairobi chilibe dzuwa. Kumwamba kumangoti bii mlungu wonse, kamvula kakuwaza, kamene bambo ankakatcha chiperoni ngati tili kwathu. Maluwa kunalibe, njuchi sizinkatuluka. Loweruka lililonse ndinkasungunula makapu awiri a shuga m'kapu imodzi ya madzi otentha, n'kudikira azizire. Ndinkathira m'botolo la jamu limene bambo anaboola chivindikiro chake ndi kamsomali, ndipo tinkalizondotsa pa kabowo ka pamwamba pa mng'oma. Ndikapita kukagula shuga, mayi wa pakiyosiki ankandiseka. "Sukari tena? Shuganso? Kwanu kuli ukwati?"

Lamulo linali limodzi. "Kukuzizira sitivundukula," ankatero bambo. "Ukatsegula, ana azizidwa, ndipo mayi wawo ukhoza kumupsinja." Mfumukazi ya njuchi iwo ankaitcha mayi basi. M'malo motsegula ankanyamula mng'oma pang'ono chakumbuyo kuti amve kulemera, kenako n'kugunditsa khutu pathabwa. Nanenso ndinkatero. M'katimo munkamveka kamawu kotsika, kosalekeza, ngati filiji ya kukhitchini ya abusa.

Lamlungu madzulo mayi ankaimba foni. Poyamba tinkacheza mpaka mayunitsi kutha. Pofika Ogasiti ankangofunsa za sukulu, ndikati ndiwapatse bambo, ankati mwana akulira. Kenako amene anayamba kuimba anali malume. Bambo ankatuluka nayo foni panja osavala jekete, ine n'kumangotolako mawu apa ndi apo: ankhoswe, kukhala pansi, "Ndamva, alamu, ndamva." Lero ndikudabwa kuti mtsikana amene ankakhoza bwino m'kalasi analephera bwanji kulumikiza mawu atatu okhawo. Mwina sindinkafuna.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, bambo atapita ndi alendo ku Parklands, ndinaswa lamulo. Ndinkangofuna kumuona mayi wa njuchiyo, nditsimikize kuti alipo. Ndinadzifunda neti ya udzudzu, n'kuvundukula. Fungo la phula lofunda linandimenya kumaso. Nditazula chisa chimodzi, njuchi inandiluma pachala, chisacho n'kundipulumuka kugwera m'malo mwake, phi! Ndinatseka msangamsanga n'kuthawa. M'kakope tsiku limenelo ndinalembamo za mayeso a masamu okha.

Kumapeto kwa Seputembala jakaranda anayamba kuchita maluwa, dzuwa linabwerera. Loweruka lina chakumasana bambo anati yakwana nthawi yoona m'kati. Anayatsa zigamba za chiguduli m'chitini chofukizira utsi, ine nditagwira kakope kuti ndilembe zimene tipeze. Njuchi zinkalowa ndi mungu wachikasu kumiyendo, ndipo ndinalemba kuti zili bwino tisanatsegule n'komwe.

Bambo anazula zisa chimodzichimodzi, kuziyang'anitsa padzuwa. Ankafuna mazira, timizere toyera ngati tizidutswa ta ulusi pansi pa timabowo. Chisa choyamba munalibe. Chachiwiri munalibe. Munalibenso mphutsi, ngakhale ana omatidwa ndi phula. Madzi anga a shuga okha ndiwo ankanyezimira m'mphepete. Ndipo kulira kwa njuchizo kunali kwina, kokwera, kosokonekera.

"Mayi wawo mulibe," anatero. "Ndi kale ndithu."

"Koma zikugwira ntchito, bambo."

"Zizigwira. Zizisesa, zizituta chakudya, mpaka yomaliza."

Apo m'pamene ndinaulula zonse, za neti, za chisa chija, ndikulira mpaka mamina. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Bambo anabwezera chivindikiro mwaulemu, n'kukhala pansi pa udzu, chitini cha utsi chikufukabe pambali pawo. Anavula chipewa chokhala ndi neti, zimene sankachita pafupi ndi mng'oma.

"Si iwe, mwanangu," anatero. "Usadzaganize kuti ndi iwe. Ine ndinkangomvera panja, ndikamva phokoso n'kumati muli mtendere. Ndinachedwa kuyang'ana."

Njuchi ina inatera pa khutu lawo, sanaiingitse. Ndinadabwa kuona munthu wamkulu akugwetsa misozi chifukwa cha tizilombo timene anapatsidwa ulere.

Ndinafunsa ngati mayi wa njuchi amatha kubwerera. Anayang'ana maluwa amene anali atayamba kuthothokera pa bokosilo, kenako anati tikatenge madzi tizimitse moto.

Mayi sanabwererenso ku Nairobi. Ndinakawaona patapita zaka zitatu, mlongo wanga akundibisalira kuseri kwa chitseko ngati mlendo. Koma madzulo a Loweruka limenelo zonsezi sindinkazidziwa, ndipo ndinalemba m'kakope kuti:

"Bambo akuti mayi wa njuchi mulibe. Ine ndikuganiza kuti anangotuluka n'kusokera chifukwa cha mitambo. Mawa ndisanapite kutchalitchi ndithira makapu atatu m'malo mwa awiri, ndipo ndikhala pafupi ndi khomo la mng'oma. Akamva kuti kuno kukukoma, abwera."