Chala Chimene Ndinawonjezera

Ine ndimajambula zikwangwani pa Boma la Luangwa: nsomba pakhoma la shopu, mitu yometedwa pa babashopu. Ndiye mkazi wanga atandionetsa chithunzi chimene anauza AI ya mufoni kuti imujambulire, mtima unandiwawa. Chinali cha mzimayi atakhala yekha pagombe pomwe Luangwa amakumana ndi Zambezi, mabwato onse atawolokera ku Zumbo, akudziyang'ana m'madzi.

"Ndine ameneyu, atate ake Tisa," anatero akuchiyang'anitsitsa. Zojambula zanga anali asanaziyang'anepo choncho.

Ndinachikuza kufunafuna cholakwika, koma ndinachisowa.

"Dzanja ili lili ndi zala zisanu ndi chimodzi," ndinanama. "Makina sadziwa dzanja la munthu. Anzanu akakusekani kumsika."

Maso ake amavuta, choncho sanawerenge. Anachifufuta ine ndikuona, n'kumangirira foni pachitenje.

"Chabwino. Mundijambule inuyo odziwa."

Ndinagula penti ndi thabwa tsiku lomwelo, monyada. Mpaka lero thabwa lake lili kuseri kwa chitseko, loyera. Zala ndimazitha. Koma zimene mkazi wanga amaganiza akakhala yekha anauza foni, ndipo ine ndikuchita manyazi kumufunsa.