Ngumbi za a Mbewe

Ndili m'chipinda chathu chakale ku yunivesite, momwe tinkaphunzirira Chilatini ndi Chigiriki. Ndi tsiku lotsekera chaka, ndipo a Mbewe, aphunzitsi athu okalamba, aimirira kutsogolo kuti atiuze nkhani za chaka chino. Jekete lawo layera ndi choko m'zigongono. Pamipando pakhala ziboliboli zamiyala zopanda mphuno, zina zafunda zitenje chifukwa kukuzizira.

"Chaka chino talandira wophunzira mmodzi yekha," akutero a Mbewe. "Ine ndikupuma pantchito. Akuluakulu akuti chipinda chino azisungiramo mipando yothyoka."

Akuyamba kulakatula ndakatulo ya Chilatini, koma liwu lililonse likangotuluka mkamwa mwawo likusanduka ngumbi n'kuulukira kuzenera. Panja amisiri akutseka khomo ndi njerwa, ndipo khomalo lafika kale m'mawondo.

Wophunzira mmodzi uja ndi mayi wobereka mwana kumbuyo. Akuthamanga uku ndi uku ndi beseni, kuwola ngumbizo zisanathawe.

"Musasiye, aphunzitsi," akutero mayiyo. "M'besenimu mukadali malo."

A Mbewe akundiyang'ana, thukuta lili kamukamu. "Iwe, mzere wotsatirawu unkaudziwa. Tandithandiza, ine mpweya wandithera."

Lilime langa lalemera ngati dothi lonyowa. Ndikudzikakamiza kutsegula pakamwa, ndipo mukutuluka ngumbi imodzi yokha, yofooka, mapiko atamatirirana. Mayiyo akugwada pang'ono n'kuilandira ndi manja awiri.

Ndadzuka kutulo ndikudzifunsa ngati a Mbewe akadali moyo.