Ndinasinthanitsa Banja ndi Agwape a ku Wyoming

Ndinanamiza mkazi wanga pa nkhani ya kumene tikasamukire, ndipo chimene chinandinamizitsa ndi nyama yakutchire imene mpaka lero sindinaionepo ndi maso anga. Inu owerenga, mukhoza kuseka, nanenso ndikanaseka zikanachitikira wina. Koma ndikulemba izi ndili ndekha m'kachipinda ka lendi ku Edmonton, kumpoto kwa London, muli bedi, ketulo ndi mpando umodzi, ndipo kusungulumwa kwake kukundiwawa.

Ndine namwino pa chipatala china chachikulu muno mu London. Tinkakhala ku Thamesmead ndi mkazi wanga, mayi a Tadala, amene ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, komanso mwana wathu wamkazi, Tadalayo. Kwathu ndi ku Ntchisi, ndipo amuna a pabanja pathu onse anali alenje. Ine ndinathawa ulenje n'kulowa sukulu, koma ulenjewo sunandithawe. Zaka zonse za mu London nyama imene ndinkaiona ndi nkhandwe zofukula m'mabini, ndipo mtima unkangoti mwina tsiku lina.

Nditakhoza mayeso olola kugwira ntchito ya unamwino ku America, bungwe lina lotumiza anamwino linanditumizira fomu yokhala ndi zipatala zitatu kuti ndisankhe chimodzi. China chinali ku Indiana, m'dera lomwelo lomwe amakhala akulu ake a mkazi wanga, amene anali asanaonane nawo zaka zambiri. China chinali mumzinda waukulu umene sindinauganizire n'komwe. Chachitatu chinali m'katauni kakang'ono ka m'mapiri ku Wyoming.

Ndikanangosankha Indiana, bwenzi nkhaniyi kulibe. Mayi a Tadala ankasungulumwa kwambiri mu London. Tikasemphana mashifiti, sabata inkatha tikungopatsana moni pakhomo, ndipo munthu amene ankamukhuthulira zakukhosi anali akulu akewo, pafoni. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Koma nditafufuza za katauni ka ku Wyoming kaja, ndinapeza kuti m'mapiri ozungulira muli agwape akuluakulu a makutu aatali ngati a bulu, amene eni ake amawatcha mule deer. Basi mutu unazungulira pomwepo. Pa basi yopita kuntchito ndinkangoyang'ana mapu pafoni. Ndinaphunzira kuti nyengo yotentha nyamazi zimakwera pamwamba pa mapiri, kukayamba kuzizira zimatsikira m'zigwa. Ndinadziwa kusiyanitsa malo a boma, amene aliyense wokhala ndi chiphaso amaloledwa kusakamo, ndi malo a eni ake. Ndinadziwa kuti mlenje wakumeneko amakhala pachitunda m'bandakucha, kuyang'ana ndi magalasi oonera patali komwe kuli madzi ndi zitsamba, osati kuthamangitsa nyama ndi agalu ngati kwathu. Ndinagula kabuku n'kumalembamo zigwa zabwino ndi misewu yofikira kumeneko. Sukulu ya Tadala sindinaifufuze ngakhale tsiku limodzi. Choseketsa n'chakuti ku Indiana nakonso agwape aliko, koma ine ndinkafuna a makutu aataliwo, ngati kuti makutu amadyedwa.

Ndinachonga Wyoming pa fomu ija n'kuitumiza. Kwa mkazi wanga ndinanena kuti bungwe latisankhira lokha, ndipo wokana amachotsedwa pamndandanda. Misozi ili mbwembwembwe, anati ngati ndi kumene Mulungu watsegula khomo, tipita. Mawu amenewo anandilasa, koma ndinadziuza kuti tikakafika adzazolowera.

Panalinso mwambo wina umene ndinaudetsa. Mkazi wanga ndi wa ku Mchinji, ndipo pobwera naye ku London ndinakapempha chitengwa kwa a malume ake, amenenso ndi ankhoswe athu, kuti andilole kumuchotsa pakati pa abale ake. Pa ulendo wa ku America, mayi a Tadala anati tiwadziwitsenso, popeza tikupita kutali kuposa poyamba. Ndinaimba foni ndekha. Anandifunsa ngati panalibe njira yoti tikakhale pafupi ndi akulu ake, ine n'kuyankha kuti ntchito ndi imene yalamula. Bodza lomwe lija ndinalipereka kwa munthu wamkulu, mwaulemu wonse, iwo n'kutidalitsa.

Kusamuka ulendo wautali si masewera. Tinakhala miyezi iwiri tikusankha zotenga ndi zosiya, popeza za magetsi za kuno sizigwira ntchito bwino kumeneko. Mipando ina tinagawira anzathu a kutchalitchi. Katoni iliyonse inkafuna nambala ndi mndandanda wa zimene zili m'kati, ndipo ntchito yonseyo anaigwira ndi mayi a Tadala akaweruka, miyendo itatupa. Analongedza makina ake osokera, zithunzi za ukwati wathu, ndi nsalu zimene malemu mayi ake anamusiyira. Kuntchito kwake anatsanzika. Kutchalitchi anatiimika kutsogolo n'kutipempherera, ine maso nditatsinzina ngati munthu wolungama.

Galimoto ya kampani yosamutsa katundu inabwera Lachiwiri, makatoni onse n'kupita kukalowa m'kontena yokwera sitima yapamadzi. Tinatsala ndi masutikesi atatu ndi matiresi apansi, kudikira tsiku la ndege. Loweruka masana ndikuchokera kogula buledi, ndinapeza mkazi wanga atakhala pansi m'chipinda chochezera chopanda kanthu. Ankafuna kalata ya katemera ya Tadala m'chikwama changa cha mapepala, ndiye anapezamo kope la fomu ija. Mayina atatu a zipatala anali pomwepo. Pambali pa Wyoming panali chizindikiro changa, ndiponso mawu amene ndinalemba ndi dzanja langa akuti agwape ambiri, malo a boma pafupi.

“Bambo a Tadala, Indiana inalipo pa form, inu n'kuchita tick kwina? Munandiona ndikulira, munandiona ndikusiya job, inu muli phee?”

Ndinayesa kunena za mpweya wabwino ndi nyumba zazikulu. Sanakalipe ayi. Anapinda pepala lija bwinobwino, n'kulibwezera m'chikwama, n'kuyamba kuika zovala zake ndi za mwana m'sutikesi imodzi. Dzuwa lisanalowe anali atakwera basi kupita ku Ilford, kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu.

Lolemba ndinaimbira bungwe lija kupempha kuti andisinthire ku Indiana. Anandiuza kuti malowo anatenga wina kalekale, ndipo ine ndinasaina kale za Wyoming. Ndiye ndinathamangira kuimbira foni ankhoswe, poganiza kuti amuuza mwana wawo kuti akhululuke, atsate mwamuna wake. A malume anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Mkamwini, tsiku lija ndinakufunsani, munandiyankha kuti ntchito yalamula. Ife tinapereka mwana wathu pa mawu amenewo. Poti mawuwo anali abodza, chilolezo chathunso palibe. Akafuna kukutsatani akutsateni yekha, ine sindimutuma.”

Apo m'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinachita. Anthu amene akanandiyankhulira ndinali nditawanamiza ndekha, ndiye panalibenso wondiimira.

Ndinatsala m'nyumba ija milungu itatu, popeza tinali titauza kale eni ake tsiku lotuluka. Inu owerenga, nyumba yopanda katundu imabweza mawu. Ukatsokomola, chipinda china chimakuyankha. Ndinkadya chiimirire pazenera, kuyang'ana mabasi, ndipo iliyonse ikaima ndinkawerenga otsika. Pakhoma panatsala timabowo ta misomali pomwe panali zithunzi. Kabuku ka zigwa kaja ndinakataya m'bini, koma kutaya kabuku sikunabweze munthu.

Tsiku la ndege linafika, ine sindinapite. Ndikanakatani ndekha kumapiri? Ndinakapempha ntchito yanga yakale, mwamwayi anandilandiranso, koma anzanga amene anandichitira phwando lotsanzikana ankandiyang'ana modabwa m'makhonde. Katundu wathu yekha ndi amene anafika ku Wyoming. Ali m'nyumba yosungira katundu m'tauni imene sindinapondemo, ndipo ndikuvutikabe ndi mapepala oti abwerere. Nsalu za malemu apongozi anga zili kumeneko chifukwa cha ine.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Tadala ndimamuona Lamlungu masana. Ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, mwachidule, ngati akuyankha mphunzitsi. Mayi ake anapeza ntchito ina ku Ilford konko. Sananene kuti ukwati watha, sananenenso kuti abwerera, ndipo ine ndilibe nkhope yowafulumizitsa.

Langizo langa kwa inu, makamaka amuna anzanga amene muli kunja kuno, ndi ili. Kukonda chinthu si tchimo, kaya ndi ulenje, kaya ndi munda, kaya ndi mpira. Koma fomu imene ikusamutsa banja lonse musaidzaze nokha pa basi. Ikani pepalalo patebulo, mkazi wanu aone mayina onse, munene poyera chimene mtima wanu ukufuna, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Ndipo ankhoswe musawauze bodza, chifukwa tsiku lidzafika loti muwafune. Ine ndinabisa poopa kuti andikaniza, ndipo mantha amenewo ndinawatenga ngati nzeru.

Lamlungu lapitali, pobweza Tadala, mayi ake anatuluka kudzamulandira pageti. Ndinalimba mtima n'kupepesanso, ndipo ndinawauza kuti ndinanama chifukwa ndinkadziwa kuti sakanalola. Anandiyankha mwana atamugwira paphewa.

“Bambo a Tadala, inu simundidziwa eti? Zaka zonsezi ndakhala ndikukuonani mukufota muno mu London. Mukanangondiuza kuti mtima wanu uli kumapiriko, ndikanalira, inde, koma ndikanapita nanu.”

Anatseka geti mosamenyetsa, ine n'kuyamba kuyenda kupita kokwerera basi.