Wometa ndi Maluwa a Akazi Ake

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, bambo amene msewu wonse unkawatcha a Chimeta anaimirira kumbuyo kwa mpando umodzi womwewo, m'kachipinda ka galasi long'aluka pakona ndi benchi ya anthu anayi. Anameta ana olira, akwati onjenjemera, ndi madala a dazi amene ankangobwerera nkhani. Mawondo atayamba kudandaula, shopu anasiyira mng'ono wawo, iwo n'kubwerera kunyumba ndi sizasi imodzi m'thumba.

Kunyumba anapeza kuti tsiku ndi lalitali. Anakonza chitseko chomwe chinalibe vuto. Ankalondola akazi awo kukhitchini n'kumawalangiza kadulidwe ka anyezi. Sabata yachitatu mayiwo anawagwira pamkono, kutuluka nawo panja, n'kuwaimika pambali pa mpanda.

"Bambo a ana, ndakukondani zaka zonsezi, musandiyese. Maluwa awa ndakupatsani. M'khitchini mwanga musapondemonso."

Anali maluwa a airisi, aja a masamba osongoka ngati malupanga, amene amatulutsa duwa lofiirira lopindikira pansi ngati lilime la galu wotopa. Mayiwo anapatsidwa mizu yake ndi akulu awo chaka chomwe anasamukira m'nyumbayo, ndipo chibzalire sanaisunthepo. Inali itathithikana, tsamba pa tsamba, moti ngakhale nkhuku sinkadutsapo.

A Chimeta anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Madzulo aliwonse ankatenga paipi n'kuwasambitsa maluwawo kuyambira kunsonga, akuimba mluzu, mpaka tsamba lililonse linyezimire. Kugwe mvula, kusagwe, iwo ankathirira basi.

Patapita mwezi, tsiku lina m'mawa anaona timadontho tabulauni pamasamba, kalikonse kali ndi mkombero wachikasu wooneka ngati wanyowa. Anapukuta ndi chala, osachoka. Sabata isanathe timadontho tinakula n'kulumikizana, nsonga za masamba zinauma ngati zawauka ndi moto. Maluwa a zaka zonsezo, kudzafera m'manja mwawo! Anadula tsamba limodzi mozemba, kulikulunga m'nyuzipepala, n'kuuza akazi awo kuti akukawongola miyendo.

Mayi wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'dimba anali munthu wowadziwa, poti ana ake onse anametedwa ndi iwo. Anatembenuza tsambalo kawiri.

"Ichi ndi chuku cha masamba, a Chimeta. Chimakonda chinyontho. Mumathirira bwanji?"

"Bwinobwino! Tsamba lililonse ndimalisambitsa, madzulo aliwonse."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira kauntala. "Ndiye chukucho mwachilera ngati mwana wanu! Masamba akagona onyowa, matenda amavina. Madzi akamadontha amanyamula mbewu zake kuchoka tsamba ili kupita linalo."

"Ndiye afa?"

"Ayi, safa msanga amenewa. Koma mukawalekerera chaka ndi chaka mizu imafooka, maluwa n'kumachepa. Ntchito yake ndi yanu yomwe ija. Kawameteni."

Anawafotokozera zonse. Tsamba lamawanga ochepa lidulidwe m'munsi mwa pomwe padwala, lodwala kwambiri lichoke lonse. Zodulazo asaziponye pa manyowa, azitenthe kapena kuzimanga m'thumba la zinyalala. Madzi azithira m'mawa, pansi penipeni, dothi likauma. Anawapatsanso kabotolo ka mankhwala opopera, n'kuwachenjeza kuti atsate zolembedwa papepala lake, osapungula mwa maso.

Atafika kunyumba anaulula mlandu wawo asanafunsidwe. Akazi awo anangopukusa mutu.

"Ndinaona kalekale. Ndimadikira kuti ndione kuti mubisa mpaka liti."

Kutacha dzuwa litaumitsa mame, a Chimeta anatulutsa kampando, thaulo paphewa, sizasi m'manja. Apa ndiye panaoneka kuti dzanja siliiwala. Ankagwira tsamba pakati pa zala ziwiri, kupendeketsa mutu, khwapu! Akamaliza phata limodzi ankapukuta sizasi ndi spiriti, monga ankachitira pakati pa kasitomala ndi mnzake. Kenako anagwada n'kutola masamba onse akufa amene anaunjikana pansi kwa zaka, poti wogulitsa mbewu uja anati m'menemo ndi momwe chuku chimabisala podikira mvula ina.

Mneba wawo, telala wa nyumba yotsatira, anasuzumira pampanda.

"Mwatsegulanso shopu, achimwene? Makasitomalawa akulipira?"

"Sakulipira, koma sagwedeza mutu, ndipo sandiuza za mpira."

Masamba atsopano anatuluka obiriwira. Ena anagwidwabe apo ndi apo, a Chimeta n'kumawadula msanga. Anapopera katatu nyengo yamvula ija, kenako botolo analiika pashelefu.

Ntchito yaikulu inabwera maluwa atayoyoka. Panafunika kuzula mizu yonse ndi kuigawa kuti mphepo izidutsa. Anagwira awiriwiri ndi akazi awo, wina foloko yokumbira, wina mpeni. Mizuyo inali yonenepa ngati jinja, yokwerana pamsana. Yofewa ndi yonunkha anataya. Yolimba anabzala motalikirana, msana wake uli pamtunda kuti uziwothera dzuwa. Atadzaza bedi lonse, panatsala mabeseni awiri.

"Nanga iyi tiitani?" anafunsa mayiwo, akuwongola msana.

A Chimeta anasamba, kuvala malaya oyera, n'kunyamula beseni kuyenda nalo msewu wonse. Anagawira telala, mphunzitsi wopuma ntchito, dalaivala wa basi, ngakhale mlonda wa kusitolo amene analibe dimba koma anali ndi chitini. Aliyense ankalandira muzu pamodzi ndi ulaliki: "Madzi pansi, m'mawa. Masamba osawasambitsa, ine ndinayesa kale." Anabwerako dzuwa litapendeka, mawu atasasa, nkhope ikuwala. Anali atamva nkhani za msewu wonse zimene anazisowa chisiyire shopu.

Nyengo yotsatira, m'mawa wina, anakuwa ali panja.

"Mayi a ana! Tabwerani msanga!"

Mayiwo anatuluka ndi supuni m'manja, akuganiza kuti mawanga abweranso. Pakati pa maluwa ofiirira panali limodzi loyera mbee, lalikulu ngati chikhatho.

"Mwagula liti limeneli?"

"Kugula kuti? Ndi mizu yanu yomwe ija. Linali pansi pa anzake likupanikizika."

Mayiwo anaimbira foni akulu awo pomwepo. Gogoyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Loyeralo ndinakupatsa dala, mng'ono wanga! Zaka zonsezi ndimati unalipha, ndimangochita manyazi kufunsa. Langa linafa kalekale. Uwauze alamu anga andisungire muzu umodzi."

"Auzeni abwere okha adzatenge," anatero a Chimeta, atawerama kale kuyang'ana ngati pali mphukira ina. "Koma akhale masiku awiri, kuti ndiwaphunzitse kathiriridwe."