Ndinamuuza Mkazi Wanga Kuti Adikire Mwezi Uthe

Inu owerenga, ine ndinaphetsa mwana wanga ndili ndi ndalama m'buku la ku positi ofesi. Sindinali chidakwa, sindinkathamanga ndi akazi, ndipo kutchalitchi ankandiloza powalangiza anyamata. Chimene chinandigwetsa ndi chomwecho chimene anthu ankandiyamikira nacho, kusamala ndalama.

Kwathu ndi kumapiri a ku Dowa, chakufupi ndi Chezi. Unyamata wanga ndinauthera pa esiteti ina ku Kasungu, ndili tenanti. Amene anakhalako akudziwa. Chaka chonse umalima fodya wa mwini wake ukudya chimanga cha ngongole, ndipo akagulitsa amakuchotsera chimangacho, feteleza, ngakhale khasu limene, iwe n'kutsala ndi ya sopo. Chaka china ndinatuluka ndi ngongole m'malo mwa malipiro. Ndinalumbira mumtima kuti ndikadzangochoka pamenepo, sindidzakhalanso pansi pa munthu.

Matipati atangobwera, ife alimi ang'onoang'ono tinali titaloledwa kulima fodya wa bale m'minda mwathu. Ndinabwerera kumudzi ndi mkazi wanga Nabanda, wa ku Ntchisi, amene ndinamutenga chitengwa, pamodzi ndi mwana wathu Monika. Ndinalowa kalabu ya alimi, ndipo fodya woyamba anayenda bwino ku okushoni. Anzanga ena ndalama zawo anakazithera ku Mponela n'kubwerako ndi wayilesi ndi matsire. Ine ndinakazisunga ku positi ofesi. Mtima wanga unali pa chigayo, chifukwa amayi a kwathu ankayenda mtunda wautali pokagayitsa. Ndinkati ndikangochigula, ndaima pandekha mpaka imfa.

Mwezi ukamatha ndinkakhala pakhonde ndi kope la ana asukulu. Tsamba la kumanzere ndinkalemba chuma changa: mbuzi, matumba a mtedza, njinga, ndi zimene zili m'buku. Kumanja ndinkalemba zotuluka, kuyambira mchere, palafini, kugayitsa, mpaka chopereka cha Lamulungu. Ndinadziikira malire akuti ya mwezi ikatha, yatha. Ndisaname, zimenezi zinatithandiza poyamba. Katapila sanatidziwe, ndipo njala ya Febuluwale inkatilambalala.

Koma kwacha inagwa, mitengo ya zinthu inayamba kuthamanga. Ndikapita ku Lilongwe kukafunsa mtengo wa chigayo, ndinkaupeza utakwera kuposa zimene ndaonjezera m'buku. M'malo moganiza bwino, ndinangomangitsa lamba wa banja lonse. Shuga ndinamuletsa. Sopo ankadulidwa ndi ine. Mnansi wanga a Chimphonda bambo awo atamwalira, ndinapita kumaliro chimanjamanja, poti chipepeso sichinali pa ndondomeko ya mweziwo. Nabanda ankangoti phee, ine n'kumayesa kuti akugwirizana nane.

Kenaka Nabanda anaima, pathupi pachiwiri. Pofika miyezi yomaliza, miyendo inatupa, mutu sunkasiya kuwawa, ndipo nthawi zina ankaona chidima. Kusikelo anamuuza kuti magazi akuthamanga kwambiri, apite msanga akadikirire ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Iyi inali nthawi yothyola fodya. Nabanda anandiuza tili m'chigafa, tikusoka masamba.

"Bambo a Monika, akuti ndisachedwe. Thupili sindikulimva bwino ayi."

Inu owerenga, mkazi wanga akulankhula choncho, m'mutu mwanga munkayenda masamu. Ndalama ya chipatala, kamba wa womudikirira, komanso waganyu wosoka fodya m'malo mwake. Ya mweziwo inali itathera ku feteleza.

"Dikira mwezi uthe," ndinatero. "Monika uja sunachirire kwa azamba kodi? Kutupa miyendo n'kwa amayi onse."

Anatola singano n'kupitiriza kusoka.

Mwezi sunathe. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndili m'munda, ndinamva mfuu ya amayi kumudzi. Ndinamupeza Nabanda ali pansi m'chigafa, akuphupha ngati wakhunyu, lilime ataliluma, magazi akutuluka. Amene anamangirira ng'ombe pangolo, osadikira kuti ndimupemphe, anali a Chimphonda omwe aja. Mvula inali itagwa, misewu ya kwathu ili matope okhaokha, ndipo pokwera zitunda tinkachita kukankha ngolo ndi mapewa. Titafika pamsewu wa tala tinaimitsa matola. Ndinapereka imene dalaivala anatchula osanenerera, ine amene ndinkanenerera ngakhale kabokosi ka machesi.

Kuchipatala anayesetsa ndithu. Anamuchita opaleshoni, moyo wake n'kuupulumutsa, koma mwana anali atafera kale m'mimba. Anali wamwamuna. Anachotsanso chiberekero kuti magazi asiye. Namwino wina wachikulire anangondiyang'ana n'kufunsa chapansipansi kuti, "Bambo, bwanji simunabwere nawo msanga?" Mwanayo anakamuika amayi okhaokha monga mwa mwambo wathu, ndipo nkhope yake sindinaione.

Ndalama imene ndinakatapa ku positi ofesi inaposa kutalitali imene ndinkaikakamira ija. Mbuzi ndinagulitsa. Fodya wambiri anapsera m'munda, wina anawolera m'chigafa.

Koma chimene chimandichititsa manyazi koposa ndi ichi. Nabanda atatuluka m'chipatala, mwezi unatha, ndipo mwachizolowezi ndinatenga kope lija n'kukhala pakhonde. Ndinalemba ndalama ya chipatala, ya matola, ya mankhwala. Iye anali atakhala pamkeka atatsamira khoma, bala lisanapole. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Monika, ndifunseko. M'kope mwanumo ine ndi ana munatilemba mbali iti? Ya chuma, kapena ya zowononga?"

Ndinayang'ana masamba awiri aja. Kumanzere kunali njinga ndi mtedza. Dzina lake linkapezeka kumanja kokha, pambali pa sopo, chitenje ndi mankhwala.

Pasanapite nthawi amalume ake, omwenso anali ankhoswe, anabwera kudzamutenga kuti akapezere bwino kwawo. Monika anapita nawo. Ndinakwera mapiri a Ntchisi kangapo konse ndi ankhoswe anga kukapepesa. Ulendo womaliza anandilandira bwino, anandipatsa madzi osamba ndi chakudya, kenaka Nabanda ananena pamaso pa onse kuti anandikhululukira, koma sangathe kukhalanso m'nyumba imene munthu amaopa kudwala. Banja linathera pamenepo. Zotsala m'buku zija zinasungunuka ndi kukwera kwa mitengo, ndipo chigayo anadzamanga ndi munthu wina.

Sindikukuuzani kuti musamawerengere ndalama zanu. Werengerani ndithu, dziwani zimene muli nazo ndi zimene zikutuluka, chifukwa wosawerenga amathera m'manja mwa akatapila. Koma musanayambe kusungira chigayo, galimoto kapena nyumba ya malata, patulani kaye ya matenda, ndipo tsiku la matendalo likafika musaimvere chisoni. Powerengapo khalani awiri ndi akazi anu, nawonso anene chimene chikufunika pakhomo. Munthu akangoti phee, sikuti wavomera. Malire a mwezi munaika nokha, ndipo mukhoza kuwasuntha nokha. Achipatala akati fulumirani, gulitsani mbuzi tsiku lomwelo.

Monika anakula, anakwatiwa kwawo kwa amayi ake, ndipo amandilemekeza monga bambo wake. Chaka china anadzandiona ali woyembekezera, mwamuna wake atamuperekeza. Ndinamutengera mkamwiniyo kuseri kwa nkhokwe n'kumufotokozera zonsezi osabisa kanthu, ngakhale kuti mpongozi sayenera kudzivula chotero pamaso pa mkamwini. Ndinamuuza kuti mwana wangayo akadzangoti mutu ukuwawa, asadzafunse kuti ndi zingati. Adzafunse kuti galimoto ili kuti.